Kodi tds 5/7 pa kapepala ka dokotala ndi chani abale?

MwanaWakuKatete:
Ndithandizeni abale. Dzulo ndinaperekeza amai ku kliniki kuno ku Chawama, dzino lawatupitsa tsaya mpaka nsima ikuwakanika, ndiye adokotala atipatsa kapepala ati mankhwala mukagule ku kemisti. Kalembedwe kake ngati yapalasa nkhuku koma zomwe ndakwanitsa kuwerenga ndi izi: Amoxyl 500mg tds 5/7, Flagyl 400mg tds 5/7, PCM 1g prn. Ine 5/7 ija ndimayesa ndi tsiku lobwerera, mpaka ndawauza amai kuti akufunikanso pa 5 Julayi kkkk. Ku kemisti mzere unali wautali, mtsikana uja wangolemba 2x3 pa kapulasitiki nkundipatsa, manje ndafika kunyumba ndikuona pa kapisozi alemba 250 osati 500. Andipatsa olakwika kapena? Amai sanayambe kumwa, ndikuopa.

SistaWakuKemisti:
Achimwene musaope, sanalakwitse. 250 awiri ndi 500 yomweyo, ndiye 2x3 ndi makapisozi awiri katatu pa tsiku. Awerengeni, akuyenera kukhala 30. Za Julayi iwalani kkk, 5/7 ndi masiku 5, chifukwa sabata ili ndi masiku 7. Mukaona 2/52 ndi masabata awiri, 1/12 ndi mwezi umodzi.

Tds ndi katatu pa tsiku, koma apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. Munthu amwa pa 08, amwanso pa 12, wachitatu pa 16 kuti athane nazo, usiku wonse mthupi mulibe mankhwala ndiye tizilombo timapeza mpata. Patalikitseni maola 8, monga pa 06, pa 14 ndi pa 22, ikani alamu pa foni. Ndipo amalize onse ngakhale tsaya liphwe mawa, osasunga otsala ati tidzamwa tikadzadwalanso.

PCM ndi paracetamol, Panado yemweyu, 1g ndi mapilisi awiri a 500mg. Prn ndi kuti amwe akamva kuwawa chabe, koma pazipita maola 4 kapena kuposa asanamwenso ndipo asapitirire mapilisi 8 pa tsiku, amaononga chiwindi. Mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi paracetamol mkati, musaphatikize musanawerenge pa bokosi. Funso limodzi, amai anayamba atulukapo zidzolo kapena kutupa atamwa penicillin? Ngati eya asamwe Amoxyl, bwererani kwa adokotala, ndi banja limodzi.

MalumeWaMatero:
Za Flagyl zo ndisiyireni ine. Chaka china anandipatsa, tsiku lachitatu ndikumva bwino anzanga nkundiitana ku bala ati botolo limodzi chabe silipha munthu. Mwana wanga, ndinasanza ngati ndadya chakupha, nkhope kutentha, mtima kugunda ngati ng'oma ya gule, akazi anga mpaka kuyamba kuitana aneba. Mowa ndi Flagyl sizigwirizana olo pang'ono, ngakhale wamaliza udikire masiku awiri. Amai anu mwina samwa koma owerenga ena pano ndikuwadziwa.

Amake_Mapasa:
Ine chomwe chimandinyansa ndi chakuti bwanji osangolemba chinthu choti munthu amve? Ife a ana ang'ono timavutika maningi. Anandilembera sirapu 5ml bd, ndinkapimira supuni ya tiyi ya kunyumba, kenako nesi wina nkundiuza kuti masupuni athuwa sali ofanana, ndizigwiritsa kakapu kobwera ndi botolo kapena sirinji. Ba sista, nanga nocte ndi stat? Zili pa kadi ya apongozi anga.

SistaWakuKemisti:
Amake mapasa, ndi Chilatini chimenecho, madokotala anazolowera kulembera ife osati odwala, ife ndiye tikuyenera kukumasulirani, vuto ndi mizere. Nocte ndi usiku pogona, mane ndi m'mawa, stat ndi nthawi yomweyo kamodzi basi. Od kamodzi pa tsiku, bd kawiri, qid kanayi. Po ndi akumwa, im ndi nyeleti ya pa mnofu, iv ya mumtsempha. Chenjerani ndi pv ndi pr, amenewo si akumwa, pv amalowetsa kumalo obisika a amai, pr kumbuyo. Ndinaonapo munthu atameza onse nkubwera kudzadandaula kuti sagwira ntchito. Ndipo Coartem wa malungo ali ndi zake, dozi yachiwiri imamwedwa patapita maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo mpaka kakwane ka 6 m'masiku atatu, ndi mkaka kapena chakudya cha mafuta. Musamachoke pa windo musanafunse, a kumbuyo adandaule adandaule.

MwanaWakuKatete:
Ndawerenga, alipodi 30. Amai akuti penicillin anamwapo kale ku Chipata palibe chinachitika, ndiye ayamba pa 14 ndi kaphala pang'ono. Koma akufunsa ngati pa 5 Julayi tipitebe, chitenje chatsopano anachikonzeratu.