Thandizeni: mzere wosonyeza pamene kukopa kwafika (progress bar) ukufika 100% fayilo isanathe kukopedwa

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikulemba kapulogalamu ka Python ndi Tkinter (chida cha Python chopangira mawindo a pulogalamu) kothandizira alamu anga amene amakopera anthu mavidiyo a ukwati pa flash ku Mbare, kuno ku Harare. Makasitomala amangofunsa kuti "zitha liti?", ndiye ndikufuna kuti pulogalamuyo izionetsa pamene pafika, liwiro mu MB pa sekondi, komanso nthawi yotsala.

Popeza shutil.copy (lamulo la Python lokopera mafayilo) sinena kanthu mpaka itamaliza, ndimakopa fayilo m'zidutswa za 1 MB mu thread ina (gawo la pulogalamu logwira ntchito pambali), n'kumasuntha mzere wosonyeza pamene pafika ndi after() (lamulo la Tkinter loitana ntchito pakapita kanthawi). Vuto ndi ili: mzere umathamanga n'kufika 100% pa liwiro limene USB 2.0 singakwanitse, koma kagetsi ka pa flash kakuphethirabe. Ndikuganiza kuti deta imayamba yadikira mu memory ya kompyuta. Kodi ndiziitana os.fsync (lamulo lokakamiza kuti deta ilembedwedi pa flash) pa chidutswa chilichonse, kapena zimenezo zichedwetsa ntchito kwambiri? Mantha anga ndi akuti wina azula flash zisanathe, vidiyo ya ukwati wa eni n'kuwonongeka.

Chinanso, nambala ya liwiro ikudumphadumpha moti siwerengeka n'komwe. Inu anzanga mumatenga avareji ya masekondi angati?