Agulugufe oyera m'madimba a kabichi: tipopere kapena ayi?

Mlangizi, Dedza: Anzanga, ndithandizeni. Alimi a kalabu ina kuno aona agulugufe oyera ambirimbiri akudutsa m'madimba, ndiye akuti apopere kabichi yense. Buku langa likuti gulugufe woyera wa kabichi ndi Pieris rapae. Loweruka ndikumana nawo, ndikawauze zotani?

Mlangizi, Ntcheu: Achimwene, bukulo mwina analembera alimi a kunja. Pieris rapae kwawo ndi ku Ulaya, Asia ndi kumpoto kwa Africa. Dzinalo adam'patsa ndi katswiri wa sayansi ya zamoyo, Linnaeus, mu 1758. Wayenda dziko lapansi potsatira malonda a kabichi: cha m'ma 1860 adaoneka ku Quebec, ku Canada, n'kufalikira America yense wa kumpoto. Pofika m'ma 1930 anali atalowa ku New Zealand ndi Australia. Koma m'madimba athu si iyeyu amene amatisowetsa tulo.

Mlangizi, Zomba: Zoona achemwali. Mkulu wake, Pieris brassicae, ndiye adakhazikika ku Cape Town m'ma 1990, kutali ndi ife. Achimwene a ku Dedza, agulugufewo akuteratu pa kabichi kapena akungodutsa onse kulowera mbali imodzi?

Dedza: Akungodutsa. Ena atera pamatope pafupi ndi chitsime.

Zomba: Basi, ayenera kuti ndi apaulendo athu omwe, Belenois aurota kapena Catopsilia florella. Mugwire mmodzi. Belenois ali ndi mitsempha yofiirira kunsi kwa mapiko, ndipo mbozi zake zimadya mitengo ya kutchire ngati Boscia ndi Maerua. Za Catopsilia zimadya keshya. Kabichi alibe naye ntchito. Kupopera pamenepo n'kutaya ndalama za mlimi, kupheranso njuchi ndi timavu tomwe timatithandiza kupha mbozi. Zimandiwawa ndithu kuona mayi wagulitsa nkhuku kuti agule mankhwala osafunika.

Ntcheu: Komabe musabwerere osatembenuza masamba. Mukapeza timawindo toonekera kuwala, ndi timbozi tobiriwira tomwe mukatikhudza timaphiriphitha n'kulendewera pa ulusi, ameneyo ndi diamondback moth, Plutella xylostella. Kholo lake ndi kagulugufe kotuwa, kakang'ono, kouluka madzulo, alimi sakaona n'komwe. Ameneyu amazolowera mankhwala msanga, choncho alimi asabwerezebwereze mtundu umodzi wa mankhwala. Repu ndi chainizi muonenso.

Dedza: Zikomo akuluakulu. Msonkhano tikachitira kudimba komweko, aliyense atembenuze yekha masamba. Opeza timbozi tikambirana za mankhwala, enawo mpope ukhale kunyumba. Ndikagwira gulugufeyo ndim'jambula kunsi kwa mapiko, ndiponya chithunzi pano.