Thandizeni: agologolo ouluka ndikungowamva, sindikuwaona

Moni nonse pagulu pano. Patha milungu itatu ndikuyesetsa kuona agologolo ouluka, a mtundu wa Glaucomys volans, amene akugona m'mphako ya mtengo wouma kuseri kwa nyumba. Zoti alipo sindikukayika: m'mawa ndimatola makoko a njere zolimba atawaboola kabowo kamodzi kosalala m'mbali, ndipo usiku amalira motsitsa ngati tiana ta mbalame.

Ndadikirapo ndi tochi, koma akangoona kuwala amazembera kuseri kwa thunthu. Kamera imangogwira mchira. Tochi ya UV (ya kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa ultraviolet) ndayesanso, poti mu 2019 ofufuza analengeza kuti ubweya wawo umawala pinki ukaunikidwa ndi tochi yotere, koma osaphula kanthu.

Chimene ndikulakalaka n'kuona akutambasula chikopa chija cholumikiza miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo, n'kuyandama kupita pamtengo wina. Kodi ndiime pati, nthawi yanji? Nanga nyali yofiira singawaopseze?