Kodi Mulungu anasankhiratu anthu ena kuti akatayike?

Nachisale, Ndirande

Ndikupempha inu amene munaphunzira mbiri ya mpingo kuti mundithandize pa nkhani imene yandisowetsa tulo. Mwezi wathawu tinaika maliro a mchimwene wanga, amene anasiya kupemphera kalekale ndipo mowa unamuwononga chiwindi. Usiku wa pasiwa, amayi a Mvano atatha kuyimba ndipo anthu ayamba kuwodzera pamikeka, bambo wina amene anapatsidwa mpata wotitonthoza anati tisadzivute, chifukwa Mulungu anasankhiratu anthu ake dziko lisanalengedwe, ndipo amene sanasankhidwe sangapulumuke ngakhale mutamupempherera usana ndi usiku. Mayi athu, amene akhala akusala kudya Lachisanu lililonse kwa zaka 9 chifukwa cha mwanayo, anangokoka chitenje nkufunda kumutu, ndipo mpaka lero nkhaniyi sanaitchulepo.

Ine ndinakulira mu CCAP, ndinalowa kalasi mpaka kuvomerezedwa kudya mgonero, koma sindikumbukira mbusa aliyense akuphunzitsa zimenezi. Mwana wa achemwali anga akuti ndi chiphunzitso cha Calvin, choncho ndi cha mpingo wathu. Kodi nzoona? Nanga chinachokera kuti, ndipo Akhristu amene amachikana amatsamira pa chiyani?

Bambo Mbewe, mphunzitsi wopuma, Chilomoni

Pepani kwambiri mayi Nachisale ndi chisoni chimene chakugwerani. Mwanayo sananame, kungoti chiphunzitsochi ndi chakale kuposa Calvin ndi zaka zoposa 1000, ndipo chinayambira kuno ku Africa. Augustine, bishopu wa ku Hippo, komwe lero kuli dziko la Algeria, ankatsutsana ndi Pelagius amene ankati munthu ali ndi mphamvu zomvera Mulungu payekha. Augustine anati tchimo linatifooketsa kotheratu moti ngakhale chikhulupiriro ndi mphatso, ndipo atafunsidwa chifukwa chimene ena amakhulupirira pomwe ena ayi, anayankha kuti Mulungu ndiye amasankha. Msonkhano wa ku Carthage wa mu 418 unakana Pelagius, koma Augustine asanamwalire mu 430 amonke a kum'mwera kwa France anali atayamba kale kudandaula kuti ngati zonse zinathera kumwamba, kudzudzula wochimwa nkutaya nthawi. Msonkhano wa ku Orange wa mu 529 unavomereza kuti chisomo ndicho chimayamba, koma unatemberera aliyense wonena kuti Mulungu anakonzeratu munthu wina kuti achite zoipa.

John Calvin, mtsogoleri wa mpingo wa Reformed ku Geneva, ndiye anachinena mosapsatira. M'buku lake la Institutes, limene linatuluka koyamba mu 1536 ndi kumalizidwa mu 1559, anaphunzitsa kuti Mulungu anakonzeratu ena ku moyo wosatha ndi ena ku chitayiko, ndipo iye mwini anavomereza kuti limeneli ndi lamulo loopsa. Jerome Bolsec atamutsutsa poyera ku Geneva mu 1551, ponena kuti chiphunzitsochi chimachititsa Mulungu kukhala mwini tchimo, anathamangitsidwa mumzindamo. Kutsutsa kumene kunamveka kutali ndi kwa Jacobus Arminius, amene anaphunzira ku Geneva komweko pansi pa Theodore Beza, wolowa m'malo mwa Calvin, asanakakhale mphunzitsi ku Leiden m'dziko la Netherlands. Iye atamwalira mu 1609, omutsatira analemba mfundo 5 mu 1610: anati Mulungu amasankha amene anawadziwiratu kuti adzakhulupirira, Khristu anafera anthu onse, ndipo chisomo, ngakhale palibe angapulumuke popanda icho, munthu atha kuchikana. Sinodi ya ku Dort, m'dziko lomwelo, imene inakhala kuyambira mu Novembala 1618 mpaka mu Meyi 1619, inawakana, abusa pafupifupi 200 anachotsedwa pa maudindo, ndipo nduna yaikulu imene inkawateteza, Johan van Oldenbarnevelt, inadulidwa mutu mwezi wa Meyi womwewo. Ndale zinalowererapo kwambiri, ndipo ndimadabwa kuti ambiri pophunzitsa za Dort mbali imeneyi amaidumpha.

Kwathu kuno chinabwera ndi amishoni. Amene anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876 anali a Church of Scotland, mpingo umene unalandira Chivomerezo cha Westminster, buku lofotokoza chikhulupiriro cha mpingo, mu 1647, ndipo a Dutch Reformed amene anafika ku Mvera mu 1889 anali olowa m'malo a Dort.

Mkulu wa mpingo, Limbe

Bambo Mbewe afotokoza bwino mbiri, koma ine monga munthu amene amakhulupirira kusankhidwiratu ndikufuna kunena kuti bambo wa pasiwa uja analakwira banja lanu, mayi, ndipo analakwiranso chiphunzitso chimene ankaganiza kuti akuchiteteza. Nzoona kuti mutu 3 wa Westminster umati ena anakonzedweratu ku moyo ndi ena ku imfa, ndiponso kuti chiwerengero chawo sichingachuluke kapena kuchepa. Koma mutu womwewo umatha ndi chenjezo lakuti nkhaniyi ikhudzidwe mwanzeru ndi mosamala kwambiri, ndipo Dort inalamula kuti uthenga wabwino ulalikidwe kwa anthu onse mopanda kusiyanitsa. Palibe mlaliki amene anaonapo buku la moyo. Wachifwamba uja wa pamtanda, anthu akanamuyesa ndi moyo wake wonse, akanati ndi wotayika, koma anapulumuka patatsala maola ochepa kuti afe.

Ife timagwira chiphunzitsochi chifukwa timachipeza pa Aefeso 1, pa Aroma 8 ndi 9, ndi pa Yohane 6:44, pamene Ambuye akuti palibe angabwere kwa iwo ngati Atate samukoka. Ngati chipulumutso chikanadalira mphamvu ya chifuniro cha munthu, munthu womangidwa ndi mowa ndiye akanakhala woyamba kusowa chiyembekezo, pakuti chifuniro chakecho ndicho chinagwidwa ukapolo. Mapemphero a mayi anu sanapite pachabe, chifukwa Mulungu amene anakonza mathero anakonzanso njira, ndipo pemphero la kholo ndi imodzi mwa njirazo.

Nasibeko, Bangwe

Akulu a mpingo, mwalankhula mwachifundo ndipo ndikukulemekezani, koma chimene mwachita nkufewetsa mawu, pomwe funso la mayi Nachisale lidakalipobe. Mukuti sitidziwa amene anatayidwa, koma simukukana kuti alipo anthu amene Mulungu anawalenga atatsimikiza kale kuti sadzawapatsa chisomo chopulumutsa. Kusadziwa kwathu sikusintha chimene chinatsimikizidwa. Apa ndi pamene Akhristu ambiri amapatukira, ndipo si Apentekosite okha monga ena amaganizira. Akatolika anakana kukonzedweratu ku zoipa pa msonkhano wa ku Trent mu 1547, a Lutheran anakana kusankhidwira chitayiko mu Formula of Concord ya mu 1577, ndipo a Orthodox anachita chimodzimodzi ku Yerusalemu mu 1672. John Wesley, woyambitsa Methodist, polalikira ku Bristol mu 1739 anafika ponena kuti chiphunzitsochi chimaonetsa Mulungu ngati woipa kuposa Satana, ndipo zimenezi zinamulekanitsa ndi mnzake George Whitefield.

Chotsutsa changa chachikulu chili pa kuona mtima kwa kuitana. Tiyerekeze mayi waphika nsima, waika pamphasa nkuitana ana ake asanu ndi mayina awo, koma awiri anawatsekera m'chipinda, kiyi ali pa mpango wa m'chiuno mwake, kenaka nkuwakwapula chifukwa sanabwere kudzadya. Mudzandiyankha kuti anawo anadzitsekera okha ndi tchimo lawo, koma kiyi ndi mmodzi, ali ndi mayiyo, ndipo atatu enawo anawatsegulira. Nanga bwanji Ezekieli 33:11 akuti Mulungu sakondwera ndi imfa ya woipa, 1 Timoteo 2:4 akuti amafuna anthu onse apulumuke, ndipo pa Mateyu 23:37 Yesu akulirira Yerusalemu kuti iye anafuna kuwasonkhanitsa koma iwo sanafune? Kunena kuti "onse" akutanthauza mitundu yonse ya anthu, monga Augustine ndi Calvin anamasulira, ndimakuona ngati kusoka vesi kuti likwane chiphunzitso.

Pa Aroma 9, mawu okonda Yakobo ndi kudana ndi Esau Paulo anawatenga kwa Malaki, amene ankanena za Israeli ndi Edomu, ndipo pa Genesis 25:23 Rebeka anauzidwa kuti m'mimba mwake muli mitundu iwiri. Funso la Paulo linali lakuti Mulungu wachita chiyani ndi Ayuda, osati ndani adzalowe ku gehena, ndipo amamaliza pa Aroma 11:32 ndi Mulungu wotsekera onse m'kusamvera kuti achitire onse chifundo. Amene amaima pa mutu 9 amatsika basi isanafike pa siteji.

Bambo Mbewe, mphunzitsi wopuma, Chilomoni

Ndibwerenso pa chimene mayi Nachisale anadabwa nacho, chakuti sanachimvepo paguwa. Mkanganowu unalowa m'nyumba ya Apresibiteriya eni ake amishoni asanafike kuno. Mu 1831 Church of Scotland inachotsa paubusa John McLeod Campbell wa ku Rhu chifukwa chophunzitsa kuti Khristu anafera anthu onse, koma pofika 1879 mpingo wa United Presbyterian, umene Robert Laws wa ku Livingstonia anachokerako, unapanga lamulo lolola abusa ake kuwerenga Westminster mogwirizana ndi chikondi cha Mulungu pa anthu onse, ndipo Free Church inatsatira mu 1892. Amishoni athu anakulira m'nthawi imeneyo. Pambuyo pake Karl Barth, katswiri wa zaumulungu wa ku Switzerland yemwenso anali wa Reformed, analemba mu 1942 kuti Yesu Khristu ndiye wosankha ndiponso wosankhidwa, ndipo kukanidwa anakusenza iye pamtanda.

Ndikukayikiranso kuti bambo uja sanalankhule za Calvin zenizeni, koma za mawu athu aja akuti "zinalembedwa", amene timawanena pa ngozi ya minibasi ndi pa kulephera mayeso mofanana. Mawu amenewa amachotsa udindo pa munthu, chinthu chimene Calvin ngakhale Arminius sakanalola.

Nachisale, Ndirande

Zikomo nonse chifukwa chondipatsa nthawi yanu. Zikuoneka kuti akulu a mpingo ndi mayi Nasibeko simugwirizana pa za kiyi uja, ndipo inenso mtima wanga sunakhazikike, koma nonse mwagwirizana kuti bambo uja analibe ulamuliro wonena za mchimwene wanga. Chinthu chimodzi sindinakuuzeni: masiku awiri asanamwalire, ali m'chipatala osatha kulankhula bwino, anapempha mayi athu kuti amuyimbire nyimbo ya Sande sukulu, ndipo anamuyimbira atamugwira dzanja. Lamlungu ndikupita kwa mayi ndi Buku Lopatulika, ndipo ndikupempha akulu a mpingo mundiuze chaputala cha wachifwamba uja, chifukwa ndamufunafuna mu Mateyu koma kumeneko achifwamba onse awiri akungonyoza.

Mkulu wa mpingo, Limbe

Mupeza nkhaniyo pa Luka 23, kuyambira ndime 39 mpaka 43. Muwawerengere pang'onopang'ono, ndipo mundiperekere moni kwa mayi.