Ndakajambula ndege zakale zija ku Hendon

Ndinafunsa ngati lenzi ya 50mm ingakwane pojambula ndege zankhondo ku RAF Museum, nyumba yosungiramo ndege zakale za asilikali a m'mlengalenga a ku Britain, ku Hendon mumzinda wa London. Zikomo nonse amene munandilangiza kuti nditenge lenzi yojambula malo otambalala (wide-angle), munanena zoona. Ndege yoponya mabomba ya mtundu wa Lancaster yotchedwa S for Sugar, imene inauluka maulendo 137 pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, mapiko ake ndi otalika mamita 31, ndipo malo osunthira m'mbuyo ndi ochepa. Ndi lenzi ya 16mm inalowa yonse m'chithunzi.

Mkatimo kuwala n'kochepa, choncho ndinakweza ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) mpaka 3200. Chithunzi chimene chandikhudza kwambiri ndi cha timabomba tojambulidwa pamphuno pake, kalikonse kakuimira ulendo umodzi. Amene mukufuna kupitako, kulowa n'kwaulere.