Kodi TVM inayamba liti, nanga zinatani kuti isanduke MBC TV?

Wa_ku_Bangwe_ali_ku_Joni:

Moni nonse akuluakulu. Ine ndinabadwa 2002, panopa ndili ku Johannesburg kuno pa ntchito. Madzulo ndikaweruka ndimakonda kutsegula nkhani za kumudzi pa Facebook, pena MBC pena Times pena Zodiak, kungoti ndimveko Chichewa ndi kuonako misewu ya kwathu. Ndiye dzana tikucheza ndi madala pafoni anandifunsa kuti "ukuonera TVM?" ine ndinasowa choyankha chifukwa dzina limenelo ndimangolimvera patalipatali. Akuti nthawi ya Kamuzu ku Malawi kunalibiretu kanema, zoona zimenezi? Dziko lonse osakhala ndi TV mpaka liti? Komanso china chimene chimandizunguza mutu, madalawo amaonera nkhani za MBC tsiku lililonse osaphonya, koma kukangogwa nkhani yayikulu amathamangira kawailesi kawo kukamvera Zodiak kuti atsimikize. Ndikawafunsa amangoti "ukanaona 2012 ukanamvetsa". Amene munalipo tandilongosolereni chonde.

Madala_a_ku_Chilomoni:

Mwana wanga, bambo akowo sakunama ayi. Ulamuliro wonse wa a Kamuzu Banda, kuyambira 1964 mpaka 1994, tinalibe nyumba ya kanema yathuyathu. Chimene chinalipo ndi wailesi ya MBC basi, imodzi yokha, ikuulutsira pa Chichiri paja. Zithunzi zoyenda timaonera ku nyumba za mafilimu kapena galimoto ya boma ikabwera kudzaonetsa pa bwalo la mpira usiku, kenako kunadza ma video show a matepi aja. Anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe anali ndi TV kalekale, ndiye achibale akabwera kuchokera kumeneko amatisimbira ife kumangomvetsera kukamwa yasa.

TVM, kutanthauza Television Malawi, inatsegulidwa pa 1 Epulo 1999 nthawi ya a Bakili Muluzi, situdiyo zake zili ku Kwacha mu Blantyre. Kumbukira kuti chaka chomwecho mu Juni kunali chisankho, ndiye kanemayo inabadwira m'kati mwa kampeni, ine ndimaona ngati matenda ake ambiri anayambira pomwepo. Koma tsiku limenelo zandale sitimaziganiza nkomwe. Mdera lathu nyumba zokhala ndi TV zinali zowerengeka, ife tinakadzadza pabalaza pa neba wina mpaka ena kusuzumira pawindo, ana pansi akulu pamipando, mnyamata mmodzi ali panja wagwira nsungwi ya eriyo akuzunguza ife tikukuwa mkatimo kuti "pompo pompo, usagwedezenso!" Zithunzi zimabwera ndi mchengamchenga koma kuona Mmalawi mnzako atakhala patebulo tayi ali pakhosi akuwerenga nkhani za kwanu komwe, ndikuuze, amayi ena anachita kululutira. Masiku oyambawo samaulutsa tsiku lonse ayi, anali maola ochepa chakumadzulo, mbali inayo amalumikiza ma pologalamu akunja. Pang'ono ndi pang'ono kunabwera zathu, Tikuferanji ya Manganya ija imene ikayamba msewu umachita kuti zii, nyimbo za oyimba athu pa Music Splash, makwaya Lamulungu. Oyimba ambiri timangowadziwa mawu, nkhope tinaziwonera pa TVM.

Zosanduka MBC TV zinachitika nthawi ya a Bingu wa Mutharika, boma linaphatikiza TVM ndi wailesi ya MBC kukhala bungwe limodzi. Ife akale lilime linazolowera, mpaka lero timangoti TVM.

Tsono za 2012 zimene akunena bambo akozo. A Bingu anagwa ndi mtima pa 5 Epulo ku State House ku Lilongwe, anathamangira nawo ku Kamuzu Central kenako thupi linapita ku South Africa. Mtauni monse mphekesera zinali ponseponse, mawailesi akunja akunena kale kuti munthu wapita, ife tinakhala pa kanema wathu kudikira kuti atiuze. Tsiku loyamba zii. Tsiku lachiwiri pa 6 pakati pausiku ndi pamene tinaona nduna 6 zitandandalikana pa MBC TV, aja anadzatchedwa Midnight Six, akunena kuti mayi Joyce Banda sangatenge mpando chifukwa anayambitsa chipani chawo, koma zoti pulezidenti wamwalira osatchula. Ine ndinali maso usiku umenewo ndi akazi anga, tinayang'anizana, mantha anatigwira kuti kodi dziko likupita kuti. Imfa inalengezedwa pa 7 ndipo tsiku lomwelo mayi Banda analumbira. Munthu amene anadikira masiku awiri aja pamaso pa kanema wake sangaiwale, nchifukwa chake bambo ako amasunga kawailesi pambali.

NyaMzuzu:

Adada a ku Chilomoni mwalongosola bwino, koma ine kwanga chikhulupiriro chinatha chaka chimodzi m'mbuyo mwake, pa 20 Julaye 2011. Pa zionetsero zija anthu 20 anafa mdziko muno ndipo ambiri anali a kuno ku Mzuzu, manda awo ali ku Zolozolo. Ife tikumva mfuti panja, utsi wokhetsa misozi ukulowa mpaka mnyumba, kutsegula kanema tikupeza akuonetsa pulezidenti akupereka lekichala ku State House. Mawailesi oyima paokha amene amatiuza zimene zikuchitika a MACRA, bungwe loyang'anira nyumba zoulutsa mawu, anawaletsa kuulutsa pompopompo. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Chinanso chimene a kummwera simuchiona msanga ndi nkhani ya zilankhulo. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mu 1968, chinadzabwerera 1994 matipate atabwera, kenako anawonjezera nkhani za m'Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi Chinkhonde. Pa wailesi zimenezo zinatheka ndipo agogo athu amasangalala nazo, koma pa kanema chachikulu ndi Chingerezi ndi Chichewa. Situdiyo ya Kaning'ina ilipo kuno, ine ndimalakalaka nkhani za ku Chitipa, Karonga, Rumphi zizituluka zambiri kuposa mmene zimatulukiramu, osamangodikira kuti nduna ipite kumeneko ndiye kamera itsatire.

Mphunzitsi_wa_ku_Dedza:

Zonse mwanenazi ndi zoona sindikutsutsa, koma ndipempheko kuti tisiyanitse antchito ndi amene amawagwira pakhosi. Atolankhani ambiri abwino mdziko muno anadutsa pa MBC, luso alinalo. Vuto ndi loti bwana wamkulu wa pamenepo amadziwa amene wamuika pampando, ndipo ndalama zoyendetsera zimachokera kuboma, ndiye mtolankhani wamba amene ali ndi ana kusukulu atani? Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalira kuti MBC ikukondera, chikalowa m'boma chimachita zomwezo. Nthawi ya UDF zinali choncho, ya DPP tinamva Makiyolobasi pa wailesi akunyoza otsutsa, mpaka cha mu 2007 aphungu otsutsa amene anali ambiri ku nyumba ya malamulo anakana kupereka ndalama ku MBC ndi TVM chifukwa cha kukonderako. Amene anavutika ndi zimenezo anali antchito omwewo. Lamulo la Communications Act la 2016 limanena ndithu kuti MBC ndi ya anthu onse, pa pepala zili bwinobwino.

Ndipo pali nthawi zina zimene kanema ameneyu amagwira ntchito yake mpaka iwe kuvomereza. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ine ndinaonera zithunzi za ku Chilobwe ndi ku Soche, matope atakwirira nyumba, anthu akukumba ndi makasu kufuna abale awo, kusukulu kwathu aphunzitsi tinasonkha zovala ndi ufa chifukwa cha zimene tinaonazo. Ndege ya a Saulos Chilima itasowa pa 10 Juni 2024 dziko lonse linali pa kanema kudikira, ndipo mawa lake a Chakwera analengeza kuti yapezeka ku Chikangawa palibe wopulumuka mwa anthu 9 amene anali m'ndegemo. Ulendo umenewo sitinadikire masiku awiri ngati 2012, ngakhale mafunso anthu anali nawo ambiri. Komanso muone pakona pa sikirini nthawi ya nkhani pamakhala womasulira m'chinenero cha manja, ine ndili ndi mwana wa mchemwali wanga wosamva ndipo amatsata nkhani chifukwa cha munthu ameneyo.

Kabaza_Area25:

Ine ndingowonjezerapo za mpikisano. Zodiak inayamba ngati wailesi 2005, a Gospel Kazako, kanema yawo inabwera pambuyo. Times TV, Mibawa, Luntha ya akatolika ku Balaka, zonsezi zinachulukana makamaka titasamukira ku dijito ndi ma dikoda a Kiliye Kiliye aja. Panopa 7 koloko kapena 8 ikakwana munthu umangodina rimoti kuona nkhani yomweyo mbali zitatu, uku akuti msonkhano unadzadza uku akuonetsa mipando yopanda anthu, iwe wekha nkuweruza. Kale zimenezo kunalibe. Koma kumudzi kwathu ku Ntchisi nyumba za magetsi ndi zochepa, TV mpaka upite pa tradingi senta, ndiye kumeneko mfumu ikadali wailesi ndi foni. Mlandu wa chisankho uja wa 2019 mpaka chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020 anthu anautsata pa wailesi tsiku ndi tsiku, ife pa siteji timachita kuunjikana pa foni imodzi.

Wa_ku_Bangwe_ali_ku_Joni:

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri zimene kusukulu sanatiuzeko. Amayi a ku Mzuzu pepani, za 20 Julaye ndinali ndi zaka 9 ndimangokumbuka kuti anatitsekera mnyumba tsiku lonse osatiuza chifukwa chake. Funso lina kwa madala a ku Chilomoni, kodi zinthu zakale za TVM zija, nkhani za 1999 ndi ma Tikuferanji oyambirira, munthu angazione kuti? Ndikufuna ndione mmene Blantyre amaonekera ndisanabadwe.

Madala_a_ku_Chilomoni:

Funso limenelo landikhudza mwana wanga, chifukwa ndi nkhawa yanga yomweyo. Nthawi imeneyo amajambula pa matepi, ndipo tepi ikakhalitsa pachinyezi imachita nguwi nkuonongeka. Tizidutswa tina anthu anaika pa YouTube, fufuza upeza nyimbo zakale zingapo zili ndi chizindikiro cha TVM pakona. Ine kuno ndili ndi katoni ya matepi a VHS amene ndinkajambula ndekha pa deki yanga, muli maliro a anthu otchuka, mipira ya Bullets ndi Wanderers, ndi nkhani za madzulo zingapo za 2004 nthawi ya chisankho. Deki inafa kalekale. Mdzukulu wanga akuti ku Limbe kuli anyamata amene amasamutsa matepi kuika pa flash, ndiye mwezi ukatha ndikalandira penshoni ndiyamba ndi matepi asanu ndione ngati zithunzi zikadalimo. Ukadzabwera pa Khirisimasi udzadutse ku Chilomoni ndi bambo akowo tidzaonere limodzi.