Amayi athu akudwala mwakayakaya koma achemwali akukana kuti tiitane wansembe, ndithandizeni nzeru

Akhristu anzanga, Yesu Khristu atamandike. Ndabwera pagulu pano ndi mtima wolemera.

Amayi athu akhala akudwala khansa, ndipo madokotala atiuza mosapsatira kuti palibenso chomwe angachite kupatula kuchepetsa ululu. Tili nawo pakhomo. Kulankhula kwayamba kuvuta, chakudya sichikupita, madzi timachita kuwanyowetsa milomo ndi kansalu. Koma Kolona ili m'manja nthawi zonse, ndipo ukangoyesa kuichotsa kuti uwapukute amaifinya.

Ine ndikufuna tiitane Bambo Mfumu adzawadzoze. Achemwali athu aakulu akukanitsitsa. Iwo akuti amayi akangoona wansembe atalowa m'chipinda adzadziwa kuti tawataya, ataya mtima, ndipo tikhala ngati tawafulumizitsa. Akuti tidikire zikafika povuta. Sindikuwanyoza, iwowo ndi amene akugona nawo usiku, kuwatembenuza ndi kuwachapira, ndipo ndikudziwa kuti akulankhula chifukwa cha chikondi. Komatu mtima wanga sukundipatsa mtendere. Munthu amene moyo wake wonse sankajomba ku Misa, tingamumane bwanji masakramenti pa nthawi imene akuwafunitsitsa?

Chomwe ndikufunsa ndi ichi. Kodi nthawi yoyenera kuitana wansembe ndi iti? Nanga popeza sakuthanso kulankhula bwino kapena kumeza, angalape bwanji, angalandire bwanji Ukaristia? Ndipo usiku akamabuula, ife osadziwa mapemphero ambiri tizinena chiyani? Pali ndi achimwene athu amene anasamukira ku mpingo wina, iwo anena kale kuti kupempherera munthu atamwalira n'kutaya nthawi. Sindikufuna mkangano pa maliro a amayi anga.

Yankho la katekisiti wina

Pepani kwambiri m'bale wanga. Imbirani ku parishi lero lomwe, osati mawa. Mantha a achemwali anu ali ndi anthu ambiri, ndipo akuchokera kale pamene sakramenti la Kudzoza Odwala linkatengedwa ngati kudzoza kotsiriza. Msonkhano wachiwiri wa Vatican, umene unasonkhanitsa maepiskopi a Mpingo wonse wa Katolika, mu 1963 unanena momveka kuti Kudzoza Odwala sikuti ndi kwa okhawo amene akupuma komaliza, koma kwa aliyense amene wayamba kukhala pangozi ya imfa chifukwa cha matenda kapena ukalamba. Munthu akhoza kudzozedwa, n'kupeza bwino, n'kudzadzozedwanso matenda akakula. Werengani ndi achemwali anu Yakobo 5:14-15. Pamenepo akuti wodwala aitane akulu a mpingo amupempherere ndi kumudzoza mafuta m'dzina la Ambuye. Mawu ake ndi a kupulumutsa, kudzutsa ndi kukhululukira machimo.

Kuopsa kwa kudikira n'kwakuti wansembe akapeza munthu atamwalira kale samudzoza, amangomupempherera. Masakramenti ndi a amoyo. Akapeza atakomoka amamudzoza ndithu, ngati zikudziwika kuti akadafuna, koma si bwino kodi amayi amve okha dzanja la wansembe pamphumi ndi m'manja mwawo adakali ozindikira?

Za kulapa musade nkhawa. Ngati mawu sakutuluka, kugwedeza mutu kapena kufinya dzanja posonyeza chisoni kumakwanira, wansembe akudziwa chochita. Ukaristia wa nthawi imeneyi timautcha kamba wa paulendo. Amatha kunyema kachidutswa kakang'ono kwambiri, ndipo ngati ngakhale kameneko sikangapite, muuzeni pafoni asananyamuke kuti akonzekere. Mumupemphenso dalitso la Papa limene limaperekedwa kwa ali pafupi kufa, lochotsa zilango zonse za machimo.

Yankho la mayi wina

Mwana wanga, ine ndinadwazikapo amuna anga mpaka kuwatseka maso. Achemwali akowo usalimbane nawo, atopa. Mayi ako ndiye uwafunse eni ake: amayi, tiwaitane Bambo Mfumu adzakupempherereni? Ukaona momwe ayankhire, nkhani yatha pomwepo. Odwala ambiri amakhala akudziwa kale, amangokhala chete potiteteza ife.

Usiku usafune mapemphero ataliatali. Khala pafupi ndi khutu lawo, gwira dzanja, uzinena Tikuoneni Maria pang'onopang'ono. Ukafika poti tsopano ndi pa nthawi ya kufa kwathu uona milomo ikutsatira, chifukwa pemphero limene munthu analiphunzira ali mwana silichoka msanga. Ine mawu akandithera ndinkangoti Yesu, Maria, Yosefe, basi. Yosefe Woyera ndiye nkhoswe ya imfa yabwino. Kolona ya Chifundo cha Mulungu, ija ya Faustina Woyera wa ku Poland, ndi yaifupi ndipo imapempheredwa kwambiri pambali pa odwala otere. Salimo 23 umathandizanso. Chinanso, musamakambirane za maliro m'chipindamo poganiza kuti sakumva. Tulukani panja.

Yankho la m'bale wina

Ndilankhuleko za achimwene anu. Musayembekeze kuti muwagonjetsa ndi mavesi. Ife timatsamira 2 Amakabeo 12, pamene Yudasi Makabeo, mtsogoleri wa asilikali a Ayuda, anasonkhetsa ndalama n'kuzitumiza ku Yerusalemu kuti aperekere nsembe asilikali ake amene anafa, koma bukuli m'Baibulo lawo mulibe, ndiye mudzangozungulirana. Afotokozereni mwaulemu zomwe amayi eni ake amakhulupirira: kuti amene wafa m'chaulere cha Mulungu koma sanayeretsedwe kwathunthu amayeretsedwa m'Purigatoriyo, ndipo mapemphero athu, makamaka nsembe ya Misa, amamuthandiza. Katekisimu wa Mpingo akunena zimenezi pa nambala 1030 mpaka 1032. Monika Woyera, mayi wa Augustino Woyera, pomwalira ku Ostia m'dziko la Italy m'chaka cha 387, anauza ana ake kuti asavutike ndi za komwe adzamuike, koma azimukumbukira pa guwa la Ambuye. Chizolowezichi n'chakale choncho.

Panopa amayi ali moyo, ndipo palibe mpingo umene umaletsa kupempherera wodwala. Apatseni achimwenewo Baibulo awerenge iwo salimo, nonse munene Atate Athu pamodzi. Tsiku likadzafika, inu muzidzati Ambuye muwapatse mpumulo wosatha, mudzapereke Misa, pa 2 November muzidzawakumbukira pamodzi ndi mizimu yonse. Iwo osawakakamiza kuyankha.

Wofunsa uja

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndawafunsa amayi monga mwandilangizira, ndipo agwedeza mutu kuvomera achemwali ali pomwepo. Achemwali alira, kenako iwo omwe ndi amene aimba foni ku parishi. Bambo Mfumu akuti abwera mawa m'mawa ikatha Misa.

Ndifunsenso ziwiri. M'chipindamo tikonze chiyani, kandulo ndi mtanda n'zokwanira? Chachiwiri ndi abambo athu. Chiyambireni matendawa asiya kupemphera, tikayamba Kolona amatuluka n'kukakhala okha panja. Sindikudziwa ngati ndiwapemphe kuti mawa akhale nafe m'chipindamo kapena ndiwasiye, kaya ndimunong'oneze wansembe kuti akatha kwa amayi acheze nawo paokha. Amene munadutsamo m'zoterezi ndi kholo lanu, munatani?